Kuwedza ndi nthenga: kodi mcheni wa mu Shire ungapindulitse anthu uli wamoyo?

M'miyezi ya Sepitembala, Okutobala ndi Novembala, pomwe dzuwa limaswa mtengo m'chigwa cha Shire, madzi a mtsinjewu amatsika ndipo matope omwe amabwera ndi mvula amayamba kudikha. Iyi ndi nyengo yomwe alendo okonda kuwedza ngati masewera amakhamukira ku mtsinje wa Zambezi, ku Kariba ndi ku Cahora Bassa, kukasaka nsomba ya mano akuthwa yomwe pa Chingerezi amati tigerfish. Amalipira malo ogona, bwato, mafuta ndi wowaperekeza, ndipo akaigwira nsombayo amaijambula n'kuibwezera m'madzi.

Nsomba yomweyo ikupezeka m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, komwe asodzi amaitchula mcheni. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno mcheni ukagwidwa umathera pa nsanja yowambira, ndipo mtengo wake umakambidwa kamodzi kokha pamsika.

Ambiri mwa alendo aja amagwiritsa ntchito njira yotchedwa fly fishing, yomwe m'Chichewa tingoti kuwedza ndi nthenga. Pofuna kumvetsa ngati njirayi ili ndi malo mu Shire, ndi bwino kudziwa mmene imachitikira, nsomba yomwe ingawedzedwe, zoopsa zake, komanso yemwe angapindule nayo.

Kuwedza ndi nthenga n'kutani?

Mwana aliyense wokulira m'mbali mwa mtsinje amadziwa kuwedza kwa masiku onse: ndodo, chingwe, mbedza ndi nyambo ya nyongolotsi, chiwala kapena kachidutswa ka nsomba. Pamenepo nsomba imakopeka ndi fungo komanso kukoma kwa nyambo, ndipo chomwe chimakoka chingwe poponya ndi kulemera kwa nyamboyo kapena kachitsulo komwe amamangirira pafupi ndi mbedza.

Pa kuwedza ndi nthenga palibe nyambo yodyedwa. Wowedza amatenga mbedza n'kuikulunga ndi ulusi, nthenga, ubweya wa nyama ndi tizingwe tonyezimira mpaka ioneke ngati kachilombo kouluka, chiwala, chule wamng'ono kapena kansomba. Nsomba imanyengeka ndi maso okha. Imaona kanthu kofanana ndi chakudya chake kakuyenda, n'kukakhwathula isanazindikire kuti m'kati muli chitsulo.

Popeza nyambo yotere ndi yopepuka kwambiri, siingaponyedwe patali payokha. Mankhwala ake ndi chingwe. Chingwe cha fly fishing chimakhala chonenepa, chokutidwa ndi pulasitiki, ndipo n'cholemera moti ndicho chimanyamula nthengazo. Wowedza amapititsa ndodo m'mbuyo ndi m'tsogolo, chingwe chikutambasuka m'mwamba ngati chikwapu cha woyendetsa ngolo, kenaka n'kuchisiya kuti chigone pamadzi. Ndodo zambiri zimatalika pafupifupi mamita 2.7. Kumapeto kwa chingwe chonenepacho amalumikizako kachingwe kopyapyala kosaoneka bwino m'madzi, ndipo mbedza imamangidwa pamenepo.

Luso limeneli ndi lakalekale. Mlembi wa ku Roma, Claudius Aelianus, analemba cha m'ma 200 AD za anthu a ku Macedonia omwe ankakulunga ubweya wofiira ndi nthenga za tambala pa mbedza pogwira nsomba za mumtsinje wa kwawo. Ku Malawi lusoli linabwera ndi atsamunda, omwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anaika nsomba ya trout m'mitsinje yozizira ya pa phiri la Zomba, ndipo pambuyo pake ku Mulanje ndi ku Nyika. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri kuwedza ndi nthenga kunkaoneka ngati masewera a azungu a kumapiri, kutali ndi kutentha kwa ku Nchalo kapena ku Bangula.

Kuwedza bwato likutsetsereka ndi madzi

Ku United States ndi ku Canada kuli nsomba yotchedwa smallmouth bass, yomwe kwawo kwenikweni ndi m'mitsinje ndi m'nyanja za kummawa ndi pakati pa North America. Ndi nsomba yamphamvu, yokonda madzi oyera oyenda pamiyala, ndipo si yaikulu kwenikweni: yolemera kuposa zonse yomwe inalembedwa m'kaundula inagwidwa mu 1955 ku Dale Hollow, ndipo inali ya makilogalamu 5.4. Zambiri zomwe anthu amagwira sizifika makilogalamu awiri.

M'nyengo yawo yotentha, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, owedza amakwera bwato kumtunda kwa mtsinje monga Susquehanna, Potomac kapena Shenandoah, n'kulisiya kuti lizitsetsereka ndi madzi tsiku lonse. Mmodzi amagwira nkhafi, ntchito yake n'kuwongolera bwato ndi kulichedwetsa pamalo abwino. Wina amaima kapena kukhala kutsogolo, kuponya nthenga zake m'mphepete mwa gombe, kuseri kwa miyala ndi pansi pa mitengo yogwera m'madzi. Madzulo amakatsikira pamalo omwe anasiyapo galimoto. Ubwino wa njirayi ndi woti wowedza amayesa malo ambiri pa tsiku limodzi, ndipo amafika pa nsomba mwakachetechete popeza injini siilira.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimalumikiza mitsinje imeneyo ndi Zambezi. Mu 1987, Bob Clouser, yemwe ankaperekeza owedza pa mtsinje wa Susquehanna m'chigawo cha Pennsylvania, anamanga nyambo ya ubweya wa kumchira kwa gwape yokhala ndi timaso tachitsulo tolemera. Timasoto timachititsa kuti nyamboyo izimira ndi kutumphuka ngati kansomba kovulala, komanso kuti nsonga ya mbedza iziyang'ana m'mwamba, kuti isamakole pansi. Nyamboyi, yomwe imatchedwa Clouser Minnow, anaipangira bass, koma lero ndi imodzi mwa nyambo zodalirika kwambiri powedza mcheni kummwera kwa Africa.

Tsono kwa munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kuyenda ndi madzi m'bwato si nkhani yachilendo. Bwato losema, lomwe Asena amati mwadiya, lakhala likutsetsereka mu Shire kuyambira kalekale, ndipo opalasa ake amadziwa pomwe pali mchenga, pomwe madzi amazungulira ndi pomwe mvuu zimagona. Chachilendo ndi nthenga zokha, komanso mlendo wolipira kuti amuperekeze.

Mcheni wa mu Shire si ncheni wa kunyanja

Dzinali limasokoneza anthu ambiri. Ncheni wa ku nyanja ya Malawi, womwe umagulitsidwa ku Salima, Nkhata Bay ndi Mangochi, ndi wa m'banja limodzi ndi chambo, utaka ndi mbuna. Mcheni wa kunsi kwa Shire ndi nsomba ina kotheratu, yomwe asayansi amaitchula Hydrocynus vittatus, ndipo ndi wa m'gulu la nsomba za mu Zambezi.

Thupi lake ndi lasiliva, lili ndi mizere yakuda yoyenda kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo mchira wake ndi wofiirira. Mano ake ndi akuluakulu, osongoka, ndipo akumtunda ndi akumunsi amalowerana pakamwa pakatsekedwa. Waung'ono umayenda m'magulu, pomwe waukulu, womwe nthawi zina umapitirira makilogalamu 10, umakonda kubisala m'madzi akuya. Chakudya chake chachikulu ndi nsomba zinzake. Ofufuza omwe ankagwira ntchito pa damu la Schroda ku South Africa anajambula mcheni ukudumpha m'madzi n'kugwira anamzeze akuuluka, ndipo zotsatira za kafukufukuyo zinasindikizidwa mu 2014.

Kwa wowedza, makhalidwe amenewa ndiwo amaupatsa mcheni ulemerero. Umagunda nyambo mothamanga kwambiri, ndipo ukamva mbedza umadumpha m'mwamba ukupukusa mutu. Pakamwa pake ndi pouma ngati fupa, moti mbedza siilowa mosavuta, ndipo nsomba zambiri zimapulumuka pa kudumpha koyamba. Mano ake amadula chingwe cha nayiloni ngati lumo, n'chifukwa chake owedza amaika kawaya kachitsulo kakafupi pakati pa chingwe ndi mbedza.

Mcheni umasaka ndi maso, ndipo umafuna madzi otentha koma okhala ndi mpweya wokwanira. Mvula ikagwa, madzi n'kusefukira, umalowa m'malo a udzu omizidwa kukaswa. Izi zikutanthauza kuti moyo wake umadalira zinthu ziwiri: mtsinje woyenda bwino ndi madambo omwe amalandira madzi osefukira pa nthawi yake.

Mathithi a Kapichira, mpanda womwe chilengedwe chinamanga

Mtsinje wa Shire, womwe ndi wautali makilomita pafupifupi 400, ndi khomo lokhalo lotulukira madzi a m'nyanja ya Malawi. Ukadutsa Liwonde ndi Matope umayamba kugwa m'mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira, ndipo pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 umatsika mamita oyandikira 400. Mathithi amenewa ndiwo anaimitsa sitima ya David Livingstone mu 1859, ndipo ndi omwewo amaletsa nsomba za mu Zambezi kukwera kupita kunyanja.

Kaamba ka mpanda umenewu, nsomba za kunsi kwa Kapichira n'zosiyana ndi za kumtunda. Kunsi kuli mitundu yoposa 60, kuphatikizapo mphende, nkhonokono, dowe ndi mcheni, pamodzi ndi mlamba womwe umapezeka mbali zonse ziwiri. Kumtunda kuli nyanja ya Malawi, yomwe ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Nsomba za kunyanjazi sizinakumanepo ndi mdani wa mtundu wa mcheni wa mu Shire.

Nkhaniyi inakula pomwe boma linakonza pulojekiti ya ulimi wamthirira ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 43 000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Ngalande yaikulu ya pulojekitiyi, yomwe ntchito yokumba inakhazikitsidwa mu 2020, inakonzedwa kuti izitunga madzi pa damu la Kapichira, kumtunda kwa mathithi, n'kutsikira nawo kuchigwa. Akatswiri anaona kuti ngalande yotere ikhoza kusanduka msewu wolambalala mathithi, womwe mcheni ungakwerere mpaka kumtunda. Pofuna kupewa zimenezi, m'mapulani a ngalandeyo anaikamo chotchinga nsomba, malo omwe madzi amagwa kuchokera pamwamba moti nsomba yochokera kunsi siingadumphe.

Apa pali phunziro lalikulu. Nsomba yomweyo yomwe ndi chuma kunsi kwa Kapichira ikhoza kukhala tsoka kumtunda kwake. Aliyense wofuna kulimbikitsa kuwedza mcheni ayenera kudziwa kuti kuunyamula wamoyo kupita nawo m'damu kapena mumtsinje wa kumtunda n'kusewera ndi chuma cha dziko lonse.

Nanga bwanji osangoitanitsa bass?

Ena angaganize kuti njira yachidule yokopera alendo n'kubweretsa nsomba yomwe alendowo amaidziwa kale kwawo. Mbiri ikuonetsa kuti maganizo otere amabala misozi.

Dziko la South Africa linaitanitsa smallmouth bass mu 1937 pofuna kusangalatsa owedza. Nsombayi inafalikira m'mitsinje yoyera ya m'chigawo cha Western Cape n'kudya tinsomba ta komweko mpaka tina tinasoweratu m'mbali zambiri za mitsinjeyo. Mu 2012 ndi 2013 akuluakulu oona zachilengedwe anachita kuthira mankhwala a rotenone m'chigawo china cha mtsinje wa Rondegat kuti aphe bass, nsomba za komweko zibwerere. Ku nyanja ya Victoria, nsomba ya Nile perch yomwe anaiika m'zaka za m'ma 1950 ndi imodzi mwa zifukwa zazikulu zomwe zinasowetsa mitundu yambirimbiri ya nsomba za m'banja la chambo.

Kuwonjezera apo, smallmouth bass imakonda madzi ozizirirapo, oyera ndi amiyala, zomwe n'zosiyana ndi madzi otentha amatope a kunsi kwa Shire. Komwe ingakhazikike ndi m'mitsinje yochokera kumapiri, komwenso kuli tinsomba tosowa tomwe tingavulale msanga. Lamulo la zausodzi la 1997 linaika ndime zoletsa kusamutsa nsomba kupita nazo m'madzi omwe si kwawo popanda chilolezo cha nthambi ya zausodzi. Chigwa cha Shire sichikusowa nsomba yachilendo. Chili kale ndi nsomba yomwe anthu amaoloka nyanja zamchere kuti akaione.

Ulendo wotere ungayende bwanji mu Shire?

Chinthu choyamba ndi nyengo. Popeza nyambo ya nthenga imadalira kuti nsomba iione, miyezi ya mvula siithandiza, chifukwa mitsinje ya Mwanza, Likhubula, Ruo ndi ina imatsanulira matope mu Shire mpaka madzi kufiira. Nthawi yabwino ndi kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, pomwe madzi atsika, ayerako komanso atentha. Koma nthawi yomweyo ndi pomwe kutentha m'chigwachi kumatha kupitirira madigiri 40, choncho ulendo umayenera kuyamba m'bandakucha, kupuma dzuwa likafika paliwombo, n'kuyambiranso chakumadzulo. Nthawi zomwezi ndi zomwe mcheni umasaka kwambiri.

Chachiwiri n'kudziwa kuwerenga madzi. Mcheni sukhala paliponse. Umabisala pomwe madzi othamanga akumana ndi odikha, pomwe mchenga wosaya watsetserekera kwakuya, m'mphepete mwa bango ndi gumbwa, pansi pa gombe logumuka, kuseri kwa mtengo womira, komanso pa matsiriro a mtsinje wina monga pa Chiromo pomwe Ruo amathira mu Shire. M'malo otere tinsomba tating'ono timakokedwa ndi madzi, ndipo mcheni umangodikira. Wowedza amaponya nthenga zake modutsa mtsinje, kuzisiya zimire pang'ono, kenaka n'kumakoka chingwe ndi dzanja mofulumira kuti nyambo ioneke ngati kansomba kothawa. Nsomba ikagunda, sakweza ndodo msanga. Amakoka chingwe mwamphamvu ndi dzanja kuti mbedza ilowe m'kamwa mouma muja. Apa m'pomwe mawu a akuluakulu oti kuona maso a nkhono n'kudekha amagwira ntchito, pakuti pa nsomba zingapo zogunda, imodzi yokha ndiyo ingafike m'bwato.

Chachitatu, chomwenso n'chachikulu kuposa zonse, ndi chitetezo. Owedza a ku America amatha kutsika m'bwato n'kuima m'madzi ofika m'chiuno. Mu Shire kuchita zimenezo n'kudzipereka kwa ng'ona, zomwe zavulaza ndi kupha anthu ambiri ku Chikwawa ndi Nsanje. Ngakhale kutsuka nsomba kapena kulendewetsa mkono kunja kwa bwato n'koopsa. Mvuu nazo zimagubuduza mabwato, makamaka zikakhala ndi ana kapena bwato likazitsekera njira yopita kwakuya. M'madzi odikha mulinso likodzo. Bwato losema n'labwino kwa mwini wake wozolowera, koma kwa mlendo woimirira ndi ndodo yaitali pamafunika bwato lotakata, majekete oyandamitsa munthu ndi woperekeza wodziwa mtsinje.

Pomaliza pali malire ndi malamulo. Kuchokera pa Chiromo kutsikira kummwera, tsidya la kummawa kwa Shire ndi dziko la Mozambique, ndipo kumtunda mtsinjewu umadutsa m'malire a nkhalango ya Majete, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2003. Malo aliwonse ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Safunsa anadya phula.

Kugwira n'kubweza: kodi si kusewera ndi ndiwo?

Kwa banja lomwe lagona ndi njala, kuona munthu akubwezera m'madzi nsomba ya makilogalamu asanu n'chinthu chovuta kumvetsa. M'chigwa chomwe zaka zina anthu amapulumukira nyika za m'dambo, nsomba ndi ndiwo, ndi fizi ya mwana komanso ndi ndalama ya kuchigayo. Funso loti masewera a anthu olemera alowerera bwanji pa mphika wa osauka ndi loyenera kufunsidwa.

Yankho la omwe amalimbikitsa njirayi ndi la masamu. Mcheni waukulu ukaphedwa umagulitsidwa kamodzi. Ukabwezedwa wamoyo ukhoza kugwidwanso ndi mlendo wina, ndipo ulendo uliwonse umabweretsa malipiro a wopalasa, wophika, wogulitsa mafuta ndi mwini malo ogona. Komanso micheni ikuluikulu yambiri imakhala yaikazi, yomwe imaikira mazira ochuluka, moti kuisunga n'kusunga mbewu. M'nkhalango ya Lower Zambezi ku Zambia, lamulo n'loti nsomba yogwidwa ndi mlendo ibwezedwe m'madzi.

Komabe kubweza nsomba kuli ndi luso lake, apo ayi imakafera kutsogolo. Mcheni umatopa msanga ndipo madzi otentha amakhala ndi mpweya wochepa. Owedza odziwa amaphwanya kandevu ka mbedza kuti ichoke mosavuta, salimbana ndi nsomba nthawi yaitali, amainyamula ndi manja onyowa moigoneka, sakhudza makha ake, ndipo amaibwezera m'madzi pasanathe nthawi.

Chofunika kudziwanso n'chakuti nsomba zomwe asodzi ambiri a m'dambo la Elephant Marsh amadalira ndi mlamba ndi mphende, zomwe amagwira ndi matchera, chavi, mono ndi mbedza. Wowedza ndi nthenga safuna kwenikweni nsomba zimenezi. Mkangano ungabuke pa malo: ngati mbali ina ya mtsinje yapatulidwa kuti musalowe maukonde, asodzi a pamenepo ayenera kuona chomwe alandire m'malo mwake.

Chomwe chikuopseza mcheni lero

Dambo la Elephant Marsh, lomwe Livingstone analipatsa dzinali ataona njovu pafupifupi 800 mu 1859, linalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse wa Ramsar mu Julayi 2017, ndi kukula kwa mahekitala 61 556. Linali lachiwiri m'dziko muno pambuyo pa nyanja ya Chilwa. Njovu zija zinatha kalekale, ndipo nsomba nazo zili pa mpanipani.

Kudula mitengo ndi kulima m'mapiri a Thyolo, Blantyre, Mwanza ndi Neno kumakokolola nthaka yomwe imakathera mu Shire, kukwirira maiwe akuya ndi kudetsa madzi. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu Januwale 2022, yemwe anagumula damu la Kapichira, ndi wa Freddy mu Malichi 2023, anasintha njira za madzi ndi kusiya mchenga m'malo ambiri. Namasupuni amatseka timitsinje ndi kuchepetsa mpweya m'madzi. Pamwamba pa zonsezi pali maukonde a maso aang'ono ndi masikito otetezera udzudzu, omwe ena amakokera nsomba n'kusesa ndi ana omwe. Nsomba yodya zinzake ngati mcheni imavulala kawiri: ana ake amakodwa, chakudya chake nachonso chimatha.

Izi zikusonyeza kuti palibe mlendo angabwere ngati mtsinje wafa, ndipo chomwe chingateteze mcheni ndi chomwechonso chingateteze mlamba ndi mphende za msodzi.

Phindu lingafike bwanji pamudzi?

Chitsanzo chomwe chili pafupi ndi cha ku Namibia. M'dera la Sikunga, m'mbali mwa Zambezi, anthu a m'midzi anagwirizana kupatula mbali ina ya mtsinje kuti musalowe maukonde, ndipo analemba alonda ochokera m'midzi yomweyo, mothandizidwa ndi eni malo ogona alendo ndi magulu a owedza. Nsomba zoswana m'malo otetezedwawo zimafalikira m'madzi oyandikana nawo, komwe asodzi amaloledwa kutchera.

Ku Malawi maziko a dongosolo lotere alipo kale. Lamulo la 1997 linapereka mwayi woti anthu a m'midzi atenge nawo mbali poyang'anira usodzi kudzera m'makomiti a m'madooko, omwe amagwira ntchito ndi mafumu ndi alangizi a zausodzi. M'madera a mafumu monga Lundu, Makhuwira, Mlolo ndi Mbenje, omwe azungulira dambo lija, makomiti otere ndiwo angagwirizane za malo opatulidwa, ndalama yomwe mlendo angalipire ndi mmene ingagawidwire poyera. Alendo ena amafika kale ku Majete ndi ku Lengwe kudzaona nyama, ndipo ochokera ku Blantyre amatsika Thabwa n'kufika pa mlatho wa Kamuzu m'nthawi yochepa.

Ntchito zomwe zingabadwe si zopalasa zokha. Ndodo ndi zingwe zimachokera kunja ndipo n'zokwera mtengo, koma nyambo zimamangidwa ndi manja. Dziko la Kenya lakhala likutumiza nyambo za nthenga zochuluka ku Ulaya ndi ku America kwa zaka zambiri, ndipo ntchitoyi yalemba anthu ambiri, amayi ndi abambo omwe. Zipangizo zake zazikulu ndi mbedza, ulusi ndi nthenga, ndipo tambala ndi nkhanga sizisowa m'chigwa cha Shire.

Sitinganene kuti kuwedza ndi nthenga kungalowe m'malo mwa usodzi womwe umadyetsa mabanja zikwizikwi, kapena kuti Shire ingapikisane mawa lomwe ndi Kariba, komwe mpikisano wowedza mcheni unayamba mu 1962. Misewu ya tsidya la kummawa imavuta, malo ogona alendo m'mbali mwa mtsinje ndi ochepa, ndipo pakufunika kafukufuku woonetsa kuchuluka kwa mcheni waukulu womwe watsala kuchokera pa Kapichira kufika ku Marka. Ntchito imeneyi ndi ya nthambi ya zausodzi, nthambi ya zokopa alendo, makhonsolo a maboma awiriwa ndi sukulu zaukachenjede.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka mlendo uyu ndi maganizo oti nsomba yamoyo ili ndi mtengo. Koma mtsinje, bwato ndi nzeru zowerenga madzi ndi za anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo dongosolo lililonse lomwe lingawasiye kunja lidzatha ngati mmene zinathera njovu za m'dambo lija.